Tebulo la Manja Asanu ndi Awiri

Ndikamva fungo la thabwa longochekedwa kumene, maganizo anga amathamangira kwa agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, amene anabwera kudzakhala nafe ku Area 47 miyendo itayamba kuwavuta. Kwawo ku Nsaru anali mlimi wa fodya, munthu wosadziwa kupinda manja. M'tauni anapeza mpanda wa njerwa, geti lachitsulo ndi madzi a pampopi, koma ntchito yoti agwire panalibe. Ankakhala pakhonde ndi kabotolo kawo ka fodya wa m'mphuno, kumvera agalu a aneba akuuwa ndi tsache la mayi likukwecha pabwalo, n'kumati: "Ine kuno ndangokhala khasu lopanda mpini. Mvula ikagwa ndibwerera kwathu." Mawu amenewa ankatiopsa tonse, chifukwa kumudziko kunalibe wowasamala.

Ine ndinali Sitandade 3, ndipo masamu a kuyeza ankandizunguza mutu. Zoti mita imodzi ndi masentimita zana ndinaloweza ngati nyimbo, koma aphunzitsi akafunsa ngati chitseko cha kalasi n'chotalika masentimita awiri kapena mamita awiri, ndinkangoyankha molota. Homuweki ndinkalembera pansi, nditagona chafufumimba, ndipo zimenezi agogo zinkawanyansa.

"Akazi anga," anatero tsiku lina, poti ankanditchula choncho mwanthabwala monga achitira agogo kwa zidzukulu, "munthu wa sukulu salembera pansi ngati buluzi. Ndikupangitsira tebulo."

Analowa m'chipinda mwanga n'kuyeza mpata wa pakati pa bedi ndi khoma, akutambasula dzanja kuchokera chala chachikulu kufika chapakati. Anapeza manja asanu ndi awiri. Nditawapatsa rula yanga anaiyang'ana monyoza.

"Kamtengo kako aka kanamangapo chigafa? Dzanja ili lamanga zigafa mayi ako asanabadwe."

Loweruka tinakwera minibasi kupita ku Old Town. Tinadutsa masitolo a Amwenye momwe nsalu zinkalendewera pakhomo, atelala akupalasa makina awo m'makonde, mpaka tinafika kuseri kwa msika kumene utuchi unkamatirira kumapazi. Kalipentala amene tinampeza anali chimunthu chachitali, manja ake ngati mafosholo.

"Madala, bwanji ndibwere ndi tepi ndidzayeze ndekha?"

"Iyayi, usatope. Manja asanu ndi awiri basi. Dzanja ndi dzanja."

Agogo atatembenuka kukagogoda matabwa kuti asankhe louma, kalipentala uja anayendetsa dzanja lake pathabwa kasanu ndi kawiri, n'kulemba mzere ndi pensulo. Ndinaona ndi maso angawa, koma sindinaganizepo kanthu.

Tebulo linafika pa pikiapu likununkhira vanishi, lokongola zedi. Pakhomo linalowa chopendeketsa, koma pamalo pake linakana. Tinayesa uku, tinayesa uko, ayi ndithu. Agogo analiyeza ndi dzanja lawo, n'kupeza manja asanu ndi atatu ndi theka.

"Wakuba amachepetsa," anatero, "nanga uyu wawonjezera bwanji?"

Mayi anaseka mpaka misozi, koma agogo sanaseke. M'mawa mwake ndinawapeza atatulutsa chikwama chawo kunsi kwa bedi, akupinda malaya. "Ngati kuyeza komwe kwandikanika, ndatsala ndi ntchito yanji pano?" Ndinawagwira dzanja kuti asiye kupindako, ndipo chikhatho changa chitakhala pa chawo ndinaona mmene chinkachepera. Pomwepo ndinakumbukira mafosholo aja.

"Agogo, simunalakwitse kuwerenga. Dzanja la akalipentala aja ndi lalikulu kuposa lanu, lanu ndi lalikulu kuposa langa."

Ndinathamangira rula. Dzanja lawo lotambasula linakwana masentimita khumi, asanu ndi atatu, langa khumi ndi atatu okha. Ananunkhiza fodya wawo n'kuyetsemula.

"Ndiye kamtengo aka n'kofanana kulikonse? Kwa Amwenye, kwa kalipentala, ndi ku Nsaru komwe?"

"Eya, agogo."

"Ndiye ndi mboni yosakondera. Tandiphunzitsa."

Tinayeza mpata uja ndi rula, iwo akugwira ine ndikuwerenga, tinabwereka macheka kwa alonda a nyumba yoyandikana nafe, n'kudula thabwa lapamwamba mbali zonse ziwiri. Manja a agogo anali okalamba, choncho m'mbalimo munatsala mokhakhala, koma tebulo linalowa bwinobwino.

Kuyambira pamenepo panyumba panalibe mtendere. Tinayeza geti, mizere ya mpiru kuseri kwa nyumba, ngakhale mchira wa galu. Anadula nsungwi yokwana mita imodzi, n'kuisandutsa ndodo yawo yoyendera. Asanayeze kanthu ankandiuza kuti ndiyambe ndayerekeza, ndikaphonya kwambiri n'kumandiseka kuti maso anga ndi a nkhuku. Nawonso ankasokoneza 6 ndi 9, ine n'kubwezera. Powafotokozera iwo m'pamene mita inasiya kukhala nyimbo, ndipo funso la chitseko lija linayamba kundiseketsa. Mvula yoyamba itagwa, mayi anawafunsa mochenjera za ulendo wobwerera kumudzi uja.

"Ndichoka bwanji sukulu sindinamalize?" anayankha.

Anakhala nafe mpaka tsiku lawo lomaliza. Tebulo lija lili kwanga lero, ndipo ana anga amalemberapo homuweki, akudandaula kuti m'mbali mwake mumakola majuzi. Sindinalole kuti munthu alipale. Kunsi kwake kuli timizere tiwiri timene agogo anakanda ndi msomali posonyeza dzanja lawo. Nthawi zina ndimagwada n'kutambasulapo langa, ndipo ngakhale ndakula chonchi, limaperewerabe pang'ono.