Akumba Ndani Ngalandeyi?

A Serafim ndi mmisiri wa magetsi kuno ku Domwe, ndipo amisiri timawatchula kuti amestre. Anabadwira ku Dedza nthawi ya nkhondo, n'kubwera kuno ali pamsana. Amayi awo, a Zeferina, anali m'gulu la azimayi amene anatuta madzi ndi njerwa pomanganso shikola, sukulu yathu. Palibe anawapatsa kanthu. Msana unawapindika asanakalambe.

Anthu amaona a Serafim ali pamakwerero. Saona ntchito inayo: kupita kukayendera nyumba, kuyeza makoma, kukwera chapa, minibasi yakuno, mpaka ku Ulongwe kukafunsa mitengo ya nthambo ndi matomada, masoketi a pakhoma, kenako kulemba orsamento, pepala lonena kuti ntchito idya zingati. Zonsezo n'zaulere. Mwini nyumba akakana, thukuta lapita pachabe.

Chaka chatha gulu lathu la alimi a kachewere linafuna magetsi m'nyumba yosungiramo mbewu. Nthambo inayenera kudutsa pansi kuchokera pamzati wa kumsewu, chifukwa pabwalopo pamayenda ngolo. Tinaitanitsa maorsamento awiri. A Serafim anali asanapeze ntchito chithere mvula. Iyi ikanawaphonya, akanasiya mkazi ndi ana n'kukafuna maganyu ku Tete.

Atabwera kudzayeza, anagogoda pansi ndi chidendene. Dothi lachilimwe, gwaa.

"Akumba ndani ngalandeyi?" anafunsa.

A Natanael, apampando athu, anaseka. "Amestre, musavutike nazo. Amayiwa alipo."

Ife azimayi tinali pomwepo, tikusankha mbewu.

Tsiku lotsegula mapepala, orsamento ya mmisiri wa ku Ulongwe inali yotsika. Iye analemba kuti ngalande gulu lidzakumba lokha. A Serafim anaikamo mzere wina: malipiro a okumba ndi kukwirira ngalande. Mzere umenewo ndi umene unakweza mtengo wawo.

"Mwadzilasa nokha, amestre," anatero a Natanael. "Makasu a amayiwa anayamba liti kulipidwa?"

A Serafim anatulutsa lapisi m'thumba.

"Ngati n'zaulere, mukumbe ndinu abambo. Mukavomera, ndifufuta mzerewu pompano."

Abambo anayang'ana kudenga. Mmodzi mwa iwo, a Josias, anayamba kusisita bondo, akuti likuwavuta kuyambira nthawi yokolola.

"Bondo lomweli dzulo limapalasa njinga mpaka kumowa!" anakuwa a Benvinda, mnzanga amene ndinakhala naye pamkeka.

Tinaseka, koma ine mtima unali m'mwamba, poti nthawi inakwana yosankha mmisiri pokweza manja. M'gulu lathu azimayi ndife ambiri, komabe pokweza manja timayamba tayang'ana kumene dzanja la bambo wa kunyumba lalowera. A Natanael atatchula dzina la a Serafim, ndinakweza langa ndili chiweramire. Nditadzutsa mutu, ndinaona manja ali njo mbali yonse ya mikeka. Ena anali ndi dothi la kachewere m'zikhadabo.

Ntchito inapita kwa a Serafim. Anakhala pathumba la mbewu, navula chipewa, n'kupuma mpweya wautali. Lapisi ija anaibweza m'thumba.

Ku Tete sanapite. Ngalande tinakumba, ndipo aliyense analandira zake m'manja. M'mawa woyamba, tisanayambe n'komwe, tinangoona a Josias akubwera ndi khasu paphewa, akuyenda bwinobwino.

"Lachira bondo?" anafunsa a Benvinda.

"Landileka usiku womwewu, amayi," anatero, n'kulavulira m'manja.