Chilimwe Chimene Dailesi Anatupa

Linali Loweruka, dzuwa litangopendeka, m'chilimwe chimene mng'ono wanga Dailesi anatupa miyendo. Fungo la dimba lija ndimalimvabe: matope akuda, manyowa a ng'ombe, ndi masamba a tomato ukawakhudza.

Dimbalo linali m'dambo kuseri kwa mudzi wathu, kufupi ndi Sinda. Analiyambitsa mayi wina wa ku mishoni amene ankabwera pa njinga kudzaphunzitsa azimayi kulima mpiru ndi nyemba, komanso kuthira nsinjiro ndi masamba m'phala la ana. Ataona Dailesi, tsitsi lofiira, masaya otukumuka, anati thupi lake likusowa zakudya zolimbitsa. Koma kwathu ankati ndi tsempho, matenda ogwira mwana kholo likagona kunja.

Bambo anali mkamwini, munthu wosalankhulalankhula. Ndiwo anamanga mpanda wa dimbalo, ndipo ankatungira azimayiwo madzi tsiku lililonse. Amalume ankangowayang'ana, mwamuna mmodzi pakati pa akazi a eni.

Tsikulo ndinali kuthirira mpiru ndi chikho pamene amalume anatulukira, mpini wa khasu uli m'manja.

"Alamu, mwatitsemphera mwana. Ndi uti mwa akaziwa?"

Bambo anali asanatule ndowa. Mpini unawagwera paphewa, kenako pakamwa, ndipo ndinamva dzino likuthyoka. Anagwera m'mizere, magazi akudonthera pamasamba, koma sanabwezere, poti mkamwini sabwezera pamudzi pa eni. Amayi anawagwira mwendo amalume, iwo n'kuwakankhira m'matope. Atatero anazula mpanda, mbuzi n'kukhamukira mkati. Azimayi ena aja anathawa, zikho zawo n'kuzisiya pomwepo.

Madzulo bambo anapinda bulangete lawo n'kumapita kwawo ku Vubwi, osatsanzika. Dailesi anachira mvula isanagwe, ndipo amalume ankauza aliyense kuti wachira chifukwa wolakwa wachoka. Ine ndinawakhulupirira, pakuti ndinkaganiza kuti munthu wosalakwa sachoka chete. Lero ndili ndi mwana kumbuyo, ndipo ndikudziwa kuti amene bambo ankamutungira madzi aja anali Dailesi.

Koma m'mawa wa tsiku lotsatira zija zitachitika sindinkadziwa chilichonse. Ndinangopita kudimba ndekha, mbuzi zikadali m'khola. Ndinatola mpiru umene unatsala, ndinautsuka magazi pachitsime, n'kukaupereka kwa amayi kuti athire m'phala la Dailesi. Kenako ndinabwerera, n'kuyamba kudzutsa mpanda.