Sisitere Amene Anabwerera ku Kabwata

Chaka cha 1979, Bernadette Mwanza anatuluka m'nyumba ya masisitere atavala diresi yobwereka. Kunali kutangotsala miyezi yochepa kuti achite malumbiro ake.

Mkulu wake Regina, amene anali wamasiye kale, anafa pa ngozi ya basi. M'nyumba ya khonsolo ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, munatsala ana atatu: Amock, Matthew ndi kachitsiriza, Emmy. Achibale ochokera ku Chipata anapangana zoti aliyense atengeko mmodzi. Bernadette anakana kuti ana agawidwe ngati ziwiya za malemu. Anavula nsalu ya kumutu, napita kukakhala nawo.

Koma Bernadette anafika ku Kabwata ndi thupi lokha, mtima utatsala kwa masisitere.

Ankadzuka kusanache n'kumadikira belu la mapemphero lomwe silinkalira. Ankasesa pabwalo posesa kale. Ana aakulu akapita ku sukulu, ankasiya Emmy kwa anansi n'kuyenda wapansi mpaka mu Cairo Road, kuima pamzere wa anthu osadziwa ngati akugulitsa sopo kapena shuga, kenaka n'kuchokapo asanafike kutsogolo.

Ku tchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo. Manong'onong'o ankamupezabe komweko: "Ni uja anakangiwa usisitele, unamukanika."

Pemphero linamuuma pakamwa. Linangotsala funso: "Ambuye, munandiitana ndinu. Nanga mwandibwezeranji?"

Lamlungu lililonse masana ankakwera basi kukayang'ana mpanda wa nyumba ya masisitere ija, n'kubwerako osagogoda.

Lamlungu lina ali pa siteji ya basi, anamva wina akumukoka chitenje. Anali Emmy, wopanda nsapato, wefuwefu. Chimwalirireni mayi ake, mwanayu sankalankhula kwenikweni.

"Ba mayi bang'ono," anatero, "naimwe muzayenda osabwela?"

Basi inafika, inanyamula anthu, inapita. Bernadette anabereka mwanayo n'kulowera ku tchalitchi, mmene munalibe munthu. Anagwada Emmy ali kumsana.

"Yesu wanga, ndili ndi mantha. Sindidziwa kulera, sindidziwa moyo wa kunja kuno. Ngati ndi kuno mwandituma, ndipatseni mtima wokhala."

Sanamve mawu ochokera kumwamba. Mantha sanathe. Koma Lamlungu lotsatira sanapite ku siteji.

M'mawa wina kunabwera mnansi wake, Winifred Kampamba, mayi wa Chibemba wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika, atagwira ana awiri.

"Shani ba Sisita! Nisungileniko bana, kwabwela mafuta ophikila mu tauni."

"Ba Winifred, ine sindine sisitere. Zinandikanika."

"Awe imwe. Mulungu anakuvulani chabe nsalu. Manja anakusiyilani."

Ana awiri aja anakhala pakhonde ndi Emmy. Posowa chowachitira, Bernadette anatola zitsekero za mabotolo n'kuyamba kuwaphunzitsa kuwerenga. Zilembo ankalemba ndi khala pa katoni. Pomwe mwezi umatha, azimayi a pamsika ndi a m'mizere anali atadzaza khonde lonse ndi ana awo.

Sizinayende myaa. Tcheyamani wa chipani wa m'deralo anabwera kudzafunsa amene anamulola kusonkhanitsa anthu. Kenaka kunagwa chikuku. Mwana mmodzi wa pakhondepo anamwalira, makolo onse anatenga ana awo, ena akunena poyera kuti nyumba ya munthu wothawa malumbiro ili ndi tsoka.

Miyendo inayambanso kumuyabwa. Anafika mpaka kokwerera mabasi a ku Chipata, kufunsa tsiku lonyamuka. Pobwerera, m'malo mokalongedza katundu, anapita ku nyumba ya maliro ija. Anakhala pansi ndi mayi wofedwayo, kutunga madzi, kupemphera naye masiku onse a maliro.

Mayi yemweyo ndiye anayamba kubweretsanso mwana wake wotsala.

Bernadette anayenda maofesi mpaka nsapato kubooka, kufuna chilolezo choyendetsera sukulu ya mkaka. Ankabwezedwa, mawa n'kupitanso. Anapempha anamwino kuti azibwera kudzabaya ana katemera. Chilolezo chitatuluka, parishi inamupatsa chipinda chakale chosungiramo mabenchi, ndipo abambo a mu mpingo anakhoma denga.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, sukulu ya mkaka ija inali ndi aphunzitsi akeake, ina itatsegulidwa ku Chelstone. Ana a Regina anakulira pamodzi, denga limodzi.

Bernadette sanabwererenso ku usisitere. Masiku ena akaona masisitere akudutsa, misozi inkalengezabe. Ankaipukuta n'kulowa m'kalasi.

Mwina nanunso moyo wakukhotetsani pamene simunafune: ntchito yatha, banja lasintha, njira yomwe munalumbirira yatsekeka. Musadikire kuti mantha athe kaye. Gwadani nawo mantha omwewo, muuzeni Mulungu zoona, kenaka dzukani mugwire chimene chili patsogolo panu. Iye amene anakuitanani sanasochere nanu. Osataya mtima.