Kukatenga Fabiyao ku Tete

Ndinanyamuka ku Malowera Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Okutobala, mvula isanatseke njira. Ndinkapita ku Tete kukatenga mlongo wanga Fabiyao, chitsiriza wa m'nyumba mwathu, amene anapita kukagwira ntchito yaulonda zaka zinayi zapitazo n'kukatheratu mu juga. Amayi anali atayamba kufooka, ndipo mawu awo anali amodzi: akufuna kumuona akadali ndi moyo.

Wa mota, njinga yamoto ija, anandilipiritsa mametikali mazana asanu mpaka ku Fingoé. Ankathamanga ngati kumbuyo wanyamula thumba la chimanga. Nditadandaula anandiyankha ndi mawu aja oitanira mlongo wamkulu, "Mana, mabampu si anga, ndinawapeza." Ku Fingoé tinadikira kamiyau, lole ya katundu, mpaka dzuwa pamutu. Ndinalipira mazana asanu ndi limodzi n'kukhala pamwamba pa matumba a mtedza, pafupi ndi mbuzi ziwiri zimene zinali ndi ulemu kuposa anthu ena tinakwera nawo.

Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anandifunsa kumene ndinkapita. Nditamuuza anapukusa mutu. "Juga ya kandege ka pa foni kaja? Kanandidyera mwamuna. Kakamakwera iwo amati ndalama ikukwera, kakagwa wagwa ndi iwe wa kunyumba." Anandigawira masau, tinadya.

Tinagona pa Bene, pamene njira yafumbi imakumana ndi tala. M'mawa chapa, minibasi ya kuno, inatitenga ndi mazana atatu, ndipo masana tinaoloka mlatho wa Zambezi. Kutentha kwa ku Tete musakumve kwa anthu. Mphepo yolowa pa zenera inkakhala ngati yochokera mu uvuni ya njerwa.

Ndinayamba kumufuna kumene ndinkadziwa kuti angapezeke. M'mabaraka, timagolosale ta kumsika, makina a juga ali mbali ndi mbali ndi firiji ya zakumwa, magetsi ake akuphethira masanasana. Anyamata ndi madoda omwe atayima chilili, osatembenuka ngakhale uwapatse moni. Nkhope iliyonse ndinkayiyang'ana mtima uli m'mwamba, ndikukumbuka mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kudimba. Pa baraka yachinayi mwini wake anayang'ana chithunzi cha Fabiyao chimene ndinatenga n'kuseka. "Uyu? Anali kasitomala wanga wamkulu. Anthu a Mulungu anandilanda ameneyu. Pitani kuseri kwa msika, tchalitchi cha malata."

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa msawu, akupala thabwa. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku ya m'chilala, koma maso ake anali oyera. Anaika pansi chopalira n'kugwada. "Mana, mwabwera." Ndinali nditakonza mawu aukali njira yonse, koma onse anathawa. Ndinangomugwira mutu n'kulira.

Anandiuza yekha, osabisa. Ntchito inatha, foni anagulitsa, nsapato anagulitsa, mpaka ankagona pa makatoni kumsika. Tsiku lina analowa m'tchalitchimo pofuna mthunzi chabe, n'kupeza amayi a mumpingo akuyeserera nyimbo imene amayi athu amaimba posenda mtedza. Anakhala kumbuyo n'kulira mpaka a Jairosi, mkulu wa mpingo amenenso ndi kalipentala, anabwera kudzakhala naye. "Sanandifunse zambiri," anatero. "Anangoti Yesu sananyansidwe ndi munthu wonunkha, tiye ukasambe." Papita miyezi isanu akugwira ntchito kwa iwo.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Amayi anali atagulitsa mbuzi n'kumanga ndalama yake pakansalu, kuti ikhale yokwerera mwana wawo. Kwathu chimene kholo lakutumizira sukana, ndipo wotumidwa amachipereka m'manja mwenimweni mwa mwini wake. Ndinamutambasula dzanja n'kuikamo kansaluko. "Kagule malo awiri pa chapa ya mawa." Anayang'ana dzanja lakelo ngati ndaikamo khala la moto, koma poti ndi za amayi, ananyamuka.

A Jairosi atatulukira n'kumva zimenezi, anakhala pansi n'kundiyang'ana. "Mayi, mwana uyu sagwira ndalama. Malipiro ake amasunga akazi anga, anapempha yekha. Ndipo njira ya ku paraje, kokwerera chapa, imadutsa pa mabaraka onse aja." Ndinafuna kuthamanga kumutsatira, iwo anandiletsa. "Mukamugwira lero, mawa adzamugwira ndani? Tiyeni tipemphere." Kunena zoona, ine pempherolo sindinalimve. Maso anga anali pa njira.

Anabwera patapita maola awiri, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Anaika kansalu kaja pa miyendo panga, mfundo ya amayi ili momwemo. Ku paraje sanafike. Anati anayima pakhomo pa baraka ina, miyendo ikukana kupitirira, ikukananso kulowa, akungotchula dzina la Yesu ngati mwana woitana make, mpaka anatha kubwerera.

"Mana, ndikufuna kwathu kuposa madzi akumwa," anatero. "Koma mwaona nokha. Ndikapita lero, mbuzi zotsala za amayi ndidzazimaliza ndine. Ndipatseni mpaka kukolola." Ndinakwiya, ndinamuuza kuti amayi sangadikire kukolola kwa munthu. Anangoti, "Ndikudziwa," misozi ikugwera pa thabwa.

Ndinabwerera ndekha, masiku awiri omwewo, fumbi lomwelo. Pa kamiyau ndinkangoganiza kuti ndinapita kukatenga munthu wotayika, koma ndinapeza munthu amene akudziwa pamene ali, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Amayi anali pakhonde. Anayang'ana kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. Ndinawafotokozera zonse n'kuwapatsa kansalu kawo. Anakatembenuza, akupapasa mfundo ija.

"Anaigwira ndi manja ake?"

"Maola awiri, amayi."

"N'kubweza?"

"N'kubweza."

Kenako anati, "Ndiye ukandipezere mankhwala aja ndinkakana. Ndiyesetsa kufika pokolola."