Manda a Thunthu la Nthochi

Senderani pafupi, ana inu, mawu anga safikanso patali.

Ndinali wa msinkhu wotunga madzi m'kamtsuko pamene kapitawo wa pa esiteti ya tiyi anadzauza amayi kuti abambo afera ku nkhondo ya Jeremani. Mtembo panalibe. Tinakulunga thunthu la nthochi mumkeka, n'kuliika m'manda monga mwa mwambo, tonse n'kumeta.

Tsitsi litameranso, abambo anatulukira, atawonda, mendulo ili pachifuwa. Anzawo ankati iwo ankalowa pomwe chiwaya, mfuti yosapuma ija, chinkalavula moto, n'kumatulukamo atabereka ovulala.

Koma munthuyo sankakhala pansi. Kudya ankadya choimirira. Akapatsidwa mzere wa tiyi woti apalire, ankausiya pakati n'kumangoyenda, kukafika ku Goliati, kubwerako, kukazungulira manda aja. Ine ndinkawalondola pambuyo.

Amalume anauza amayi kuti, "Achemwali, dzenje lija likuitana mwini wake. Tifukule thunthulo, apo ayi tiika alamu zenizeni."

Tsiku lofukula tinapeza abambo ataima pamtumbira.

"Bwezani makasu, alamu," anatero.

"Mukufuna kulowamo?" anafunsa amalume. "Nthochi yakufunditsirani malo?"

"Muli munthu umu," anayankha abambo.

Ndinawagwira mwendo ndikulira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, anthu amatchula amene ndinawabereka. Koma Muhiwa wa ku Masambanjati, amene tinkafunda bulangete limodzi, ndinamupeza atatsirizika, lipenga lobwerera litalira kale. Ndinamusiya pamtetete, osamuthira ngakhale dothi la m'dzanja. Ine ndili ndi manda osawafuna, iye alibe."

Amalume anatsitsa khasu, n'kutuma anthu kukatenga amayi a Muhiwa. Mayiwo analira pamtumbirapo, kumuitana mwana wawo dzina, abambo n'kukwirira mendulo ija kumutu kwa mandawo. Tikubwerera abambo anakhala pamwala. "Kanditungire madzi, miyendo yandiwawa." Chibwerereni kunkhondo, ndinali ndisanawaonepo atakhala.

Kale ndinkayesa kuti wolimba mtima amanyadira amene anawapulumutsa. Pano ndikudziwa kuti amasenza wotsalayo.

Abambo anakalamba akulondera fakitale, tinawaika pambali pa Muhiwa, amayi n'kuwatsatira. Amayi a Muhiwa ankabwera kudzalambula manda mpaka maso anawathera. Amalume anapita kumigodi ku Joni osabwerako, nawonso tinawakulungira thunthu. Ine ndinatsala ndi khasu, ndipo ndikapita kukalambula ndimayambira pa Muhiwa.