Boti la Matabwa la ku Athi River

Ndikamva fungo la phula lotentha, ngakhale pamsewu pomwe akukwirira maenje, mtima umandithawira ku Athi River. Kumeneko, kuseri kwa mafakitale, pamalo pouma pomwe ngakhale mbuzi zinkatsokomola ndi fumbi la simenti, panali boti. Linali boti lenileni la matabwa, lalifupi koma lonenepa, la mphuno yokwezeka, litakhazikidwa pa zipika n'kuchirikizidwa ndi mitengo mbali zonse ziwiri. Nyanja inali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, kaya ulowere kum'mawa kaya kumadzulo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo boti la pafumbi silinandidabwitse kwenikweni, chifukwa ku Nairobi chilichonse chinali chachilendo.

Tinali titangosamukira kumeneko kuchokera ku Malawi. Mayi anga anali atapeza ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu, ndipo tinkakhala ku Madaraka, m'nyumba yosanja, pamwamba pa banja lina lomwe linkayamba kukazinga anyezi tambala asanalire. Mayi ankachoka m'mawa kwambiri n'kubwera atatopa. Ine malo a sukulu anali asanapezeke. Bambo analibe chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Munthu amene kwathu anatha zaka zambiri akukonza maboti padoko, amene anyamata ankawavulira zipewa, tsopano ankasesa m'nyumba, kutsuka mbale, kenako n'kukhala pakhonde kuyang'ana maminibasi, omwe kumeneko amati matatu, akudutsa mumsewu. Manja awo anayamba kusalala, ndipo nthawi zina ndinkawapeza akuwayang'anitsitsa.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, ndili kuchipinda kuvula nsapato zondithina, ndinamva bambo akulankhula motsitsa mawu. "Amake Tiya, mvula ikayamba ine ndibwerera kumudzi. Inu ndi mwana khalani. Kuno ine ndine ndani? Mlonda wa makatani?" Ndinangomva supuni ya mayi ikuzungulira m'kapu kwa nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo ndinadana ndi mitambo. M'mawa uliwonse ndinkatsegula zenera ndi mantha, ndipo ndikapeza kumwamba kuli mbee mtima unkakhala pansi.

Nkhani ya boti inatipeza kutchalitchi komweko. Mkulu wina wa ku Kenya, Mzee Onyango, dokotala wopuma pantchito amene ankakhala ku Runda, anamva kuti mumpingo muli Mmalawi wodziwa matabwa a pamadzi. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kunja, ndipo nyumba inali itawakulira. Anagula boti lakale lomwe pa unyamata wake linkakoka zombo zolemera padoko la ku Mombasa. Ankafuna kulisandutsa nyumba, akalitsitsire m'nyanja kwawo ku Kisumu, azikagona ndi kudzuka pamadzi masiku awo otsala. Anzawo ankati ukalamba wawazunguza mutu. Botilo linali litaima panjira, pamalo a mng'ono wawo ku Athi River, kudikira munthu wolidzutsa. Sinali ntchito yolembedwa, kunali kungothandiza mnzawo wa kutchalitchi, koma bambo atapita kukaliona anabwera akuimba mluzu. Mawa lake ananditenga, poti panalibe wondisiyira.

Tinkakwera matatu awiri, titapanikizana ndi anthu a m'mafakitale, nyimbo zikugunda mpaka m'mano. Dzuwa la Januwale linkawotcha ngati simbi, ndipo mthunzi wokhawo pamalopo unali wa pansi pa boti. Bambo ankalizungulira ndi hamala yamtengo, kugogoda thabwa lililonse atatchera khutu. Thabwa lamoyo linkayankha momveka, lowola linkangoti phu, ndipo limenelo ankalilemba ndi choko. Mkati munkanunkhira mafuta akale, mchere ndi utuchi watsopano. Injini yaikulu yokokera inali itachotsedwa kale n'kuikamo yaing'ono, ndipo pamalo potsalapo bambo ndi mmisiri wina, dzina lake Mutua, ankapanga bedi, kakhitchini, ndi mashelefu okhala ndi milomo kuti makapu asamagwe mafunde akavuta. Kumbuyo kunatsala chitsulo chachikulu chomangirirapo chingwe chokokera zombo. Mzee anakaniza kuchichotsa, ati aziyanikapo malaya.

Ine malo anga anali pachiwongolero. Ndinkaima pa kabokosi n'kumayendetsa boti langa pakati pa ng'ombe za Amasai zodutsa kuseri kwa mpanda, ndikuzikalipira kuti zipatuke. Masana tinkadya chapati ndi nyemba kwa mayi wina wophika pachipata. M'masabata amenewo bambo anakhalanso bambo. Ankaseka, ankatsutsana ndi Mutua m'Chiswahili chothyokathyoka chodzaza ndi Chichewa, ndipo manja awo anakhakhalanso. Koma za ulendo wawo wobwerera sanasinthe mawu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Vuto linali m'mipata. Boti litakhala miyezi pamtunda, mumphepo youma ija, matabwa anafota ndipo pakati pawo panatseguka. Ukakhala mkati masana unkaona mizere ya dzuwa ikulowa m'mbali. Bambo ankalowetsa thonje lopota m'mipatamo ndi kachitsulo kosathwa, mosakakamiza, n'kupaka phula pamwamba, ndipo kwina anali asanafike n'komwe. Loweruka lina Mzee anabwera ndi mnzawo wa nsapato zonyezimira. Mnzawoyo analowetsa kiyi wa galimoto mumpata umodzi, kiyi n'kulowa yense, ndipo anaseka mokweza. "Hii itazama," anatero, ndipo ngakhale ine ndinamva kuti akunena zoti limira. Bambo anayesa kufotokoza, koma Chingelezi chawo chikakumana ndi nsapato zoterezi chinkathawa. Mzee anangoti akaganize, mwina aitane mmisiri wina wa ku Mombasa. Pobwerera bambo anangoyang'ana pazenera mpaka ku Madaraka.

Nzeru zanga zinali zazifupi koma zowongoka. Mipata ikakhalapo, Mzee awachotsa bambo, ndipo akawachotsa, bambo sadikiranso mvula. Lolemba m'mawa bambo ndi Mutua anapita m'tauni kukafuna misomali yamkuwa, n'kundisiya m'manja mwa mayi wa chapati uja, amene anali wotanganidwa ndi moto wake. Kuseri kwa mpanda kunali anthu oumba njerwa za simenti. Ndinatola chitini n'kukawapempha matope awo pang'ono, iwo n'kundipatsa poganiza kuti ndi zamasanje. Ndinabwererako kasanu. Ndi kamtengo ndi zala zanga ndinamata mpata uliwonse umene dzanja langa linafikira, kuyambira kumphuno mpaka pakati pa boti, ndikusalaza bwinobwino ndi chala chonyowa. Dzuwa linachita mbali yake. Ndinaima chapatali, manja m'chiuno, n'kudziyamikira ndekha. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Bambo atafika anaika pansi phukusi la misomali n'kuima chilili. Mutua anagwira kumutu. Ndinadikira kuyamikiridwa, kenako ndinadikira mbama, koma zonse ziwiri sizinabwere. Bambo anakhala pa chipika n'kundiitana. "Tiya, thabwa ili lili ndi ludzu. Likamwa madzi litupa, ndipo lifuna potupira. Likapeza thonje, thonje lipanikizika, mpata utsekeka wokha. Likapeza mwala, likankha mnzake mpaka misomali izuke. Simenti yakoyi ikanang'amba boti pakati pa nyanja, Mzee ali mkati." Ndinalira mpaka mamina ndi fumbi zinakumana, chifukwa ndinaona kuti ndawathamangitsa ndekha bambo anga, ndi manja angawa.

Tinatha masiku atatu tikugoba simentiyo ndi misomali yopinda, ine m'munsi, bambo pamwamba panga. Zala zanga zinasupuka, ndipo timiyala tinkandigwera m'tsitsi. Tsiku lachiwiri, osandiyang'ana, bambo anafunsa, "Koma iwe unkafuna chiyani makamaka?" Ndinayankha maso ali pa thabwa. "Ndimafuna musapite, adadi. Ndinamva zimene munauza amami." Msomali wawo unaleka kukanda. Patapita kanthawi unayambiranso, ndipo sananene kanthu. Ndinawakwiyira kwambiri chifukwa cha chete ameneyo, moti pobwerera ndinakana kukhala nawo mpando umodzi.

Titamaliza kugoba, bambo anavala jekete ya kutchalitchi pakati pa sabata n'kupita okha ku Runda. Zimene anakanena ndinazimva akuuza mayi madzulo. Anapempha masabata awiri ndi madzi, basi. Boti likadontha pambuyo pake, Mzee aitane wa ku Mombasa, iwo sadzanena kanthu. Mzee anavomera.

Anamaliza kuika thonje ndi phula, anawonjezera zipika pansi, kenako anafunditsa boti lonse ziguduli zonyowa. Anakoka paipi kuchokera pachitsime cha eni malo n'kuthira madzi mkati mpaka kufika m'mawondo mwanga. Tsiku loyamba linadontha ngati dengu. Oumba njerwa anabwera kudzaonerera, akugwirana mapewa ndi phwete. Pansi pa boti panachita matope, ndipo achule osadziwika kochokera anadzamanga mudzi. Ine ndinkanyowetsa ziguduli ndi ndowa, n'kumaika zitini pansi pa malo odontha. Tsiku lachinayi timitsinje tija tinasanduka madontho. Masana boti linkalira lokha, kuti kwee, ngati chitseko chakale, ndipo ndikadzidzimuka bambo ankati, "Likumwa limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Koma ine kudekha ndinalibe, chifukwa chakumapiri a Ngong mitambo inali itayamba kuunjikana. Diso limodzi linali pa zitini, lina kumwamba. Tsiku la khumi ndi chimodzi tinapeza zitini zonse zili zouma kupatula chimodzi, ndipo mawa lake nachonso chinauma.

Mzee anabwera okha ulendo uno. Anasuzumira mkati n'kuona madzi ali ndee, kenako anakwawira pansi pa boti ndi thalauza lawo labwino, akusisita matabwa ndi chikhatho. Anatuluka mawondo ali matope okhaokha, chikhatho chili chouma, n'kuchionetsa kwa aliyense, ngakhale kwa oumba njerwa. Anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. "Fundi!" anatero, kutanthauza mmisiri weniweni, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. Bambo anangoyang'ana pansi, koma khosi lawo linali litawongoka. Sabata yomweyo mvula yoyamba inagwa. Ana a ku Madaraka anavina pabwalo, ine ndinakhala m'nyumba mtima uli m'malere.

Boti analikweza pa lole yaitali, ndipo Mzee anapempha bambo kuti apite nawo ku Kisumu akaone likutsikira m'madzi. Bambo analongedza chikwama. Anandiuza kuti abwera, koma kwa ine msewu uliwonse wotuluka mu Nairobi unkathera ku Malawi, ndipo mvula inali itayamba monga ananenera. Malo a sukulu anapezeka masiku omwewo. Ndinkakhala m'kalasi la ana olankhula mothamanga, osamva chilichonse, ndikuwerenga masiku pa zala zosupuka zija. Mayi ankati bambo aimba foni, ali bwino, koma ndinkaganiza kuti akulu amagwirizana pobisa zinthu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinabwera kusukulu kukuwaza kamvula. Kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala, panali kamalo kosalimidwa komwe anthu ankatayapo mabotolo. Pamenepo ndinapeza munthu atawerama ndi khasu lobwereka, akuunda mizere. Pambali pake panali mtolo wa timitengo todulidwa mofanana. Anali bambo, atada ndi dzuwa la kunyanja. Ndinaponya chikwama m'matope n'kuwathamangira, ndipo anandinyamula ndi dzanja limodzi, khasu lili kwinako.

"Layandama," anatero. "Silinalowe madzi ndi kapu yomwe. Mzee akuphika tiyi pakati pa nyanja." Timitengo tija tinali mbewu ya chinangwa, yochokera kwa achibale a Mzee. Ndinafunsa kuti tidzadya liti. "Kuno n'kozizira," anayankha. "Mwina chaka ndi theka. Gwira aka, uzike kopendeka, maso ayang'ane kumwamba." Ndinazika kamtengo kaja ndikuwerengera mumtima kutalika kwa chaka ndi theka, ndipo sindinafunsenso za kumudzi.

Nthawi imeneyo ndinakhulupirira kuti ndine ndinawagwira bambo, ndi mawu anga aja a pansi pa boti, ndipo ndinayenda mapewa m'mwamba kwa sabata yathunthu. Lero, nditakhalako nanenso m'dziko la eni ndilibe chogwira, ndimadziwa kuti bambo sankathawa ife. Ankathawa manyazi a kudzuka m'mawa popanda wowafunsa nzeru, ndipo ankasowa malo amodzi pomwe mawu awo angayesedwe n'kupezeka oona. Mwina mawu anga anawapatsa mphamvu yovalira jekete ija, mwina ayi, sananene mpaka kumwalira kwawo. Chinangwa chija chinachedwa kuposa mmene ananenera, ndipo chinatuluka chowonda, cha mitsitsi yambiri. Anachikumba okha bambo, ndipo tinachidya chonse, atatu.