Makobiri Odinda a M'kachitini ka Atate

Mwezi wa Okutobala ku Kitwe unkabwera ndi senta, utsi wa ku mgodi woyabwa kukhosi, umene unkafotetsa ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Amai ankatseka mawindo, ife n'kumatsokomola m'katimo ngati mbuzi. Chaka chimene ndikukumbukachi utsiwo unali utachepa, poti migodi inkagulitsidwa ndipo amuna ambiri m'komboni mwathu ankangoswera pamthunzi wa mango. Atate nawo anachotsedwa ntchito. Sanakhalitse, chifuwa chinawatenga mvula isanagwe.

Maliro atatha, amai anapeza kachitini ka polishi pansi pa sutikesi yawo. Munali makobiri akale oboola pakati aja, oti sungagulire ngakhale switi. Lililonse linali lodindidwa ndi chitsulo: lina kamwezi, lina kanyenyezi kopindika, lina timizere ngati phazi la nkhuku. Ine ndi mlongo wanga Pasikale tinalumpha ndi chimwemwe, mawilo a galimoto yawaya apezeka basi! Koma amake Bwalya, oyandikana nafe, atawaona anabwerera chafutambuyo.

"Izi si ndalama, amake Pasikale. Munthu wafa msangamsanga chonchi, mukufunsanso?"

Masiku amenewo nkhani ya usatana inali paliponse. Kuwonjezera apo, masiku ena m'mawa tinkapeza kathumba ka ufa pakhomo, mwini wake osadziwika. Amai ankakanyamula ndi ndodo kukataya kudzala, ife njala ili mwaa. Anzathu analetsedwa kudya kwathu. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri chinali pa pemphero la korona madzulo. Amai ankatchula akufa athu onse, kuyambira agogo a ku Chipata, koma akafika pa atate ankangotsokomola n'kupitirira. Ndinkawakwiyira.

Kabudula wa Pasikale atang'ambika kumatako, amai anatenga ovololo ya atate kuti akaduleko wina. Ndinawaperekeza ku msika wa Chisokone. Kunali fungo la kapenta, makala ndi nsalu zositidwa, anyamata a minibasi akukokerana anthu. Telala wake anali a Chanda, Mbemba wamtali wosamva khutu limodzi, amene ankagwira ntchito ndi atate pansi pamgodi. Akusomola thumba lapachifuwa ndi lezala, kanthu kanagwa pa makina, ngwee! Linali kobiri lina, lodinda kamuvi, losokeredwa m'kati. Amai anachita manyazi, nafuna kulibisa m'chitenje.

A Chanda analitola, nayamba kuseka, kenaka misozi. "Kamuvi aka n'kanga, mukwai. Amuna anu a Tembo ankanditenga pamtima tsiku lililonse?"

Anapisa dzanja m'malaya natulutsa chingwe cha m'khosi. Panali kobiri lodinda kamtanda kopendama, kadontho pambali. Chizindikirocho tinkachidziwa tonse, chifukwa atate ankachikhoma pansi pa mapoto athu, pa mbaula ndi pa ndowa, kuti zobwerekedwa zizibwerera. Tinkawaseka nacho, kuti tsiku lina adzatidinda ifenso pamphumi.

A Chanda anafotokoza kuti kalekale mwala unagwera mnzawo, ndipo mkazi wake ndi ana anavutika iwo akuona. Zitatero, a gulu lawo anadinda makobiri, aliyense chizindikiro chake, n'kugawana. Wosunga kobiri la mnzake walonjeza kuti ana a mnzakeyo sadzagona ndi njala. Kunyumba sankanena, poti wa pamgodi satchula za imfa yake pamaso pa mkazi.

"Nanga ufa uja?" amai anafunsa.

"Ndife. Timasinthana. Unali wokoma?"

Mayo ine! Amai anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Tsikulo pa korona anatchula dzina la atate mokweza, windo lili pululu, kuti amake Bwalya amve bwinobwino.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo, tsopano tidya. Ayi ndithu. Amai anafunsa a Chanda mwini wa chizindikiro chilichonse, ndipo zinapezeka kuti wa phazi la nkhuku anamwalira chaka chomwecho ku Ndola. Kathumba kotsatira katafika, anakagawa pakati, natituma kukakweza theka pa minibasi ya ku Ndola, lipite kwa ana a malemuwo. Ndinalira njira yonse. Ufa wathuwathu, kupatsa ana oti sitinawaonepo!

Kachitini kaja ndili nako mpaka lero, ndipo mawilo aja sitinapange. Ndili mwana ndinkaona ngati atate anatisiyira ndalama zosagula kanthu, amai n'kuwonjezapo kutimana. Panopa ndikawerenga zizindikirozo ndi chala, ndimakumbukira kuti amuna amene ankatisiyira ufa mbandakucha nawonso analibe ntchito, ndipo kwawo kunali ana. Amai sanalonjeze nawo, sanauzidwe n'komwe. Anangoona kuti atate asiya mawu osakwaniritsa, n'kuwanyamulira.